Thandizeni, vuto linali Milroe kapena makochi a Alabama?

Moni nonse pagulu pano, makamaka inu amene mumautsata mpira wa ku America wa m'makoleji. Ine ndaphunzira kuuonera posachedwa, ndipo pali mkangano wa kuntchito womwe wandisokoneza mutu.

Nkhani yake ndi ya timu ya Alabama mu 2023. Quarterback wawo (woponya mpira amene amatsogolera timu poukira), Jalen Milroe, adaponyera adani mpira kawiri pomwe adagonja kwa Texas 34-24 pakwawo ku Tuscaloosa. Sabata yotsatira kochi wamkulu Nick Saban adamukhazika pabenchi, n'kuyambitsa Tyler Buchner polimbana ndi South Florida, kenaka n'kulowetsa Ty Simpson. Adapambana 17-3, koma mpira wake unali womvetsa chisoni. Milroe atabwerera adakagonjetsa Georgia 27-24 n'kutenga chikho cha SEC, ligi yomwe Alabama imasewera.

Pomwe pakundivuta m'pa Rose Bowl, masewero a semifainolo ya chikho cha dziko lonse, pomwe Michigan idawachotsa 27-20. Pampata womaliza, atatsala mayadi 3, Milroe adalandira mpira wotsika, n'kuthamangira pakati penipeni pomwe anthu adadzadza, ndipo adamugwetsa pomwepo. Ndabwereza kachigawo kameneka pa YouTube mpaka maso kuwawa, ndawerenga zolemba za akatswiri, ndafunsanso anzanga. Ena akuti mnyamatayo sankatha kuwerenga masewero, ena akuloza chala Tommy Rees amene ankasankha njira zosewerera. Ine ndikuona ngati Rees adamuika pamoto, poti Michigan idadziwiratu kuti athamanga yekha.

Ndiye ndifunse: pampata ngati umenewu, kodi quarterback ali ndi ufulu wosintha zomwe kochi walamula akaona kuti adani atseka njira? Nanga ndiyang'ane chiyani pakanemayo kuti ndidziwe wolakwa, woponya kapena omutchingira?