Microsoft Office yomwe ndinagula yatseka, wogulitsa akukana kubweza ndalama

Abale a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kashopu kotaipira ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Mnyamata wina wokonza makompyuta anandiikira Microsoft Office pa K600, ati ndi yeniyeni. Lisiti anandipatsa, koma key (nambala yotsegulira Office) sanandipatse. Tsopano Word ikungolemba kuti "Product Activation Failed". Mafayilo akutseguka, koma kulemba kapena kusintha kanthu zikukanika, makasitomala akungobwerera pakhomo. Nditapita kukadandaula anangondilozera chikwangwani cha "No Refund" pakhoma, ati ndilipirenso kuti aikenso. Kodi ndalama yanga ingabwere?

Wokonza makompyuta, Katete: Pepani amayi, anakuikirani yakuba. Ambiri amagwiritsa ntchito njira ya KMS, yomwe Microsoft anaikonzera makampani akuluakulu. Imatsegula Office kwa masiku 180 okha, ndipo ikapanda kutsitsimutsidwa imatseka. Akaikanso, mudzabwereranso pomwepa. Timapulogalamu takuba totsegulira Office mwa njirayi nthawi zina timabwera ndi mavairasi, ndipo inu mumasunga ma CV ndi makope a NRC (zitupa za unzika) a anthu. Chimenecho ndicho chikundidetsa nkhawa kuposa K600.

Mphunzitsi, Mchini: Chikwangwanicho chisakuopseni mayi. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kupachika mawu olanda wogula ufulu wake. Ndiponso kugulitsa chinthu chabodza n'kumati n'chenicheni ndi kunamiza wogula. Sungani lisiti, jambulani uthenga wa pakompyutawo, mukadandaule ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula.

Wina, Lundazi: Koma tinene zoona, ndani kuno angakwanitse yeniyeni? Tonse timagwiritsa ntchito zomwezi.

Mphunzitsi, Mchini: Achimwene, amayiwa sanapemphe yakuba. Analipira atauzidwa kuti ndi yeniyeni. Mlandu wagona pamenepo.

Wokonza makompyuta, Katete: Pakali pano ikani LibreOffice kuti ntchito isaime. Ndi yaulere mwalamulo, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, kungoti matebulo ena amasuntha pang'ono, ndiye muziyang'ana musanasindikize. Mukadzagula Office ina, key muilowetse nokha pa akaunti yanu ya Microsoft wogulitsa ali pomwepo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Aphunzitsi, pa lisiti anangolemba kuti "software installation", dzina la Office palibe. Koma mauthenga a WhatsApp omwe ananena kuti ndi yeniyeni ndikadali nawo. Kodi amenewo a CCPC angawalandire ngati umboni?