Ndalama ya aneba tizipereka ndithu kapena tikungodyetsa anthu?

NaBanda_25
Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, nyumba ya lendi. Lachitatu lapitali usiku magetsi atazima akuba anatiboolera khoma la kukhitchini, anangochotsa njerwa zingapo basi nkulowa, atenga TV, silinda ya gasi, mpaka thumba la ufa lomwe ndinali nditangogayitsa kumene. Ife tili mtulo osamva kanthu poti mvula imachita phokoso pa malata. Chikundiwawa kwambiri nchoti mwezi ndi mwezi ndimapereka 2 pin ya aneba, gulu lolondera mdera lathu usiku lija, osadumphitsa, ndiye Loweruka lomwelo abwera ndi kope lawo kudzatolera ngati palibe chachitika, nditawafunsa kuti munali kuti akuti tinali mbali yakumunsi. Kupolisi ndinapita, analemba sitetimenti nkundiuza kuti ndikamva kalikonse ndikawadziwitse. Ndiye ndisiye kupereka kapena? Ndili ndi ana awiri, bambo awo amagwira ntchito yausiku ku Kanengo, mantha andigwira zedi.

BamboAChifundo36
Pepani kwambiri mayi, zimawawa. Ine ndimayenda nawo neba ku 36 kuno chaka chachitatu tsopano ndiye ndikuuzeni mmene zilili. Timakhala anthu 6 kapena 7 usiku umodzi, tochi ziwiri, zibonga ndi wezulo, dera lake lalikulu tinjira take tokhotakhota. Akubawo si alendo ayi, amatidziwa, amadikira tidutse kenako ali ndi ola lathunthu tisanabwerere. Komanso nyumba zopereka ndi zochepa, ena a mipanda amangotiyankhira pa geti kuti tili ndi alonda athu. Musasiye kupereka koma musamangopereka chimbulimbuli. Pitani kwa amfumu a block yanu aitanitse msonkhano, kope lija liwerengedwe pagulu kuti zalowa zingati zapita kuti, ndipo mufunse ngati gulu lanulo likudziwika ku ofesi ya community policing kupolisi yakwanuko. Likakhala losadziwika amenewo ndi anyamata ongotolera ndalama.

Kabaza_wa_Chinsapo
Ine aneba ndilibe nawo mawu abwino, mundikhululukire bambo. Ndimayendetsa njinga yamoto, mwezi wathawu cha mma 4 mmawa ndikupita kukatenga kasitomala wanga mayi wogulitsa tomato amene amalawirira kukapikula, anandiimitsa anthu 5 nkundikhazika pansi mmatope, mafunso mbwee, ndawonetsa laisensi ndi chiphaso koma wina anandimenyabe mbama akuti ndikuyankha mwamwano, pomaliza akuti siya 3 pin uzipita. Tsono ife a kabaza tili pakati, uku zigawenga zikutikhapa ndi zikwanje kulanda njinga, uku aneba. Ndipo chimene ndimaopa kwambiri ndi mawu oti wakubaaa, munthu mmodzi akangokuwa basi anthu safunsanso, miyala ndi matayala zafika kale. Ndinaonapo ndi maso angawa mnyamata atagona mu ngalande nsapato imodzi ili uko, mawa lake kumamveka kuti sanali iyeyo.

AchimweneAKuKawale
Akabaza zomwe anakuchitanizo ndi mlandu, kumenya komanso kulanda ndalama. Community policing inayamba mu 1997 kuno ku Malawi ndipo cholinga chake chinali choti anthu azithandizana ndi apolisi, osati kukhala khoti la mumsewu. Aneba akagwira munthu ntchito yawo ndi kukamupereka kupolisi basi. Kuyenda usiku pakokha si mlandu, kumbukirani nkhani ya a Mayeso Gwanda ogulitsa majumbo ku Blantyre aja, anamangidwa akulawirira ku geni yawo, ndipo mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti gawo lija la vakabu lomwe anawamangira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ngati wapolisi sangakumange chifukwa chongoyenda usiku, kuli bwanji waneba.

China chomwe chimapsetsa anthu mtima nkuona wakuba wagwidwa lero mkuja ali pa msika, basi aliyense akuti apolisi adya. Nthawi zina zimachitikadi, koma dziwaninso kuti lamulo limati munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Vuto lalikulu ndi ife eni, tsiku la mlandu mboni osapita poopa kuti ndi mwana wa oyandikana nawo a nyumba yachitatu, mlandu nkuthera pompo. Mayi NaBanda, bwererani kupolisi mukafunse dzina la wapolisi amene akufufuza nkhani yanu ndi nambala yake, ngati katoni kapena lisiti ya TV ilipo mukawapatse serial number, katundu akamapezeka amasowa mwini chifukwa cha zomwezi. Wapolisi akakupemphani ndalama kuli Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi.

NaBanda_25
Zikomo nonse. Katoni ilipo, ana amasungiramo mabuku, mawa ndilawirira nayo nambalayo. Amfumu ndawapeza madzulo ano avomera msonkhano Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndipo amayi a nyumba zinayi za mzere wathu tagwirizana kugula mawezulo aliyense wake wogona nawo kumutu. 2 pin ya mwezi uno ndaisunga kaye, ndikaperekera pa msonkhano pompo kope likawerengedwa. Akabaza pepani ndithu, nkhani yanuyo ndikaitchulanso kumeneko chifukwa bambo a kunyumba kuno nawonso amafika mbandakucha pa njinga ngati yanuyo. A landilodi akuti bowo lija atseka Lolemba, pakadali pano tatsamiritsapo kabati ndi matumba a makala.