Madokotala a ziweto amaona chiyani kuti anene kuti hatchi ikutsimphina?

Wofunsa:
Akuluakulu, pa mpikisano wa mtunda wautali, monga wa makilomita 120 kapena 160, hatchi ina amaichotsa pa vet gate (malo amene madokotala a ziweto amapimira hatchi mkati mwa mpikisano) chonsecho ikuoneka yamphamvu. Amayang'ana chiyani kwenikweni?

Yankho loyamba:
Amayamba ndi mtima. M'malamulo a FEI, bungwe loyendetsa masewera a hatchi padziko lonse, kugunda kwa mtima kuyenera kutsika kufika pa 64 pa mphindi. Kenako mumaithamangitsa yopanda chishalo mwa trot (kuthamanga pang'onopang'ono) mamita 40 kupita, 40 kubwerera, pamalo osalala. Mwendo wakutsogolo ukamapweteka, mutu umakwera mwendowo ukaponda, n'kutsika ukaponda wabwinowo. Wakumbuyo umavutirapo kuuzindikira: amayang'ana chiuno, mbali imodzi imakwera ndi kutsika kuposa inzake, ndipo phazi limafupikitsa sitepe kapena kukwekwereza chiboda.

Dokotala akakayikira, amaitana anzake kuti akhale atatu. Hatchi imathamanganso, aliyense amavota payekha, ndipo ochuluka ndiwo amagamula.

Yankho lachiwiri:
Chingwe chisiyeni cholendewera ndipo muzithamanga pambali pa phewa lake. Mukachikoka mumabisa kayendedwe ka mutu, ndiye angokuuzani kuti mubwereze.

Yankho lachitatu:
Musanalowe pa vet gate, tukulani ziboda zonse zinayi. Kamwala kopanikizika kapena chitsulo cha kuchiboda chogwedera n'zokwanira kukuchotsetsani. Gwiraninso mitsempha ya kuseri kwa mwendo, kumunsi kwa bondo. Pakatentha kapena kutupa, musapitirize.

China chomwe ambiri amalakwitsa ndi kuisiya hatchi itangoima. Hatchi ikangoima chilili, minofu ikhoza kuuma, n'kuyamba kuyenda mokakamira. Muziiyendetsa pang'onopang'ono podikira.