Thandizeni abale: Switch kapena Steam Deck?

Wosatchula dzina: Abale anga, tulo sindikuona. Mwana wanga wakhoza mayeso, ndipo ndinamulonjeza kagemu ka m'manja. Mlongo wanga wa ku Johannesburg akufika kuno ku Chipata Loweruka, akuti ndisankhe msanga, Nintendo Switch kapena Steam Deck. Bambo ake a mwanayu sanaponyepo ngakhale ngwee, koma ndi amene akumusokoneza kuti "tenga champhamvu". Apongozi nawo akuti ndikuwononga ndalama ya feteleza, chonsecho munda wawo wa ku Chadiza ndinawalimitsira ndine chaka chatha. Ndikalakwitsa andiseka onsewa. Nditenge chiti?

Wokonza mafoni ku Kapata: Steam Deck basi, amayi! Ija ndi kompyuta yeniyeni, ya 2022. Switch ndi ya 2017, yakalamba. Zithunzi zake simungafanizire n'komwe.

Mphunzitsi wa ku Katete: Achimwene, mwana sasewera mphamvu, amasewera gemu. Game Boy ya 1989 inalibe mitundu, inkadya mabatire 4. Game Gear ya Sega inali yowala bwino, koma mabatire 6 ankatha m'maola ochepa. Anthu anathamangira Game Boy, chifukwa cha gemu ya Tetris ndi batire lokhalitsa.

Wokonza mafoni ku Kapata: Aphunzitsi, izo ndi za makedzana! Mukufuna mwana azisewera zimene munkasewera inu muli ndi kabudula?

Mphunzitsi wa ku Katete: Nanga 2004? PSP ya Sony inali yamphamvu kuposa DS ya Nintendo, koma DS inabwera ndi masikirini awiri, imodzi yokhudza ndi kandodo. Ma DS anagulidwa oposa 150 miliyoni, PSP pafupifupi 80 miliyoni.

Wokonza mafoni ku Kapata: Nsima imagulidwanso kuposa nyama. Ndiye nsima imakoma kuposa nyama?

Amake awiri: Mwana wakhoza, mugulireni mabuku. Mukudzipalira makala pamutu, amayi, mawa adzayamba kukana kutumidwa.

Wa ku Lundazi: Ine ndinagula yogwiritsidwapo kale kwa mnyamata wina wa pamalire. Sabata imodzi batire linatupa, foni yake mpaka lero siyankhidwa. Ndalama ya fodya inapita choncho.

Namwino wa ku Petauke: Asisi, mwanayo ali ndi zaka zingati, nanga akufuna gemu iti? Steam Deck ndi yolemera m'manja mwa kamwana, ndipo magemu ake onse ndi otsitsa pa intaneti, mabando akuthani. Switch ili ndi timakadi toti ana amabwerekana. Ngati akulira gemu ya Fortnite, pa Steam Deck siyenda mpaka muikemo Windows.

Wokonza mafoni ku Kapata: Windows yo ndimaika ine! Bweretsani.

Wa ku Lundazi: Ndi mmene magetsi amathimira kuno? Pa gemu yolemera batire la Steam Deck limatha m'maola awiri.

Wokonza mafoni ku Kapata: Gulani power bank, akulu, musaopseze amayi.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse, koma mutu wangowonjezera kuwawa. Panopa bambo ake aimba foni, akuti ikafika izikhala kwawo chifukwa kuli sola. Mlongo wanga akufuna yankho usiku uno, chonde ndiuzeni chimodzi.