Thandizeni: pulogalamu ya malemu ili pa madisiki akale, ndiisunge bwanji?

Wobisa dzina: Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni maganizo. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito anamwalira chaka chatha, ndipo anasiya pulogalamu yowerengera kuchuluka kwa madzi a m'mitsinje imene anailemba yekha m'zaka za m'ma 1990. Ili pa madisiki a floppy m'kabati ya ku ofesi, koma kiyi wa kabatiyo ali ndi munthu amene sanapiteko kukawazonda pamene ankadwala, ngakhale kuti pa maliro ndiye analankhula motalika kuposa aliyense. Munthu yemweyo anachotsa dzina langa pa lipoti limene tinalembera limodzi. Tsopano abwana akuti makabati akale achotsedwe mwezi wamawa, ndipo ine tulo sindikuliona. Ndichite chiyani kuti ntchito ya malemuwa isatayike?

Mkulu wa Fortran: Ndikudziwa kuti posachedwa wina akuuzani kuti muike pa GitHub, malo a pa intaneti osungirapo mapulogalamu, chifukwa ana inu mumakhulupirira makampani mopitirira muyeso. Malo ena otere anatha: ife tinaona Gitorious ikutha mu 2015 itagulidwa ndi GitLab, tinaona Google Code ikutsekedwa mu 2016, ndipo mu 2020 Bitbucket inachotsa ntchito zonse zimene anthu ankasunga ndi Mercurial, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha. Kampani imasunga chinthu pokhapokha chikaibweretsera phindu.

Mayi wa ku laibulale: Pepani ndi malirowo. Koma simunatiuze chinthu chofunika kwambiri: kodi pa madisikiwo pali source code (khodi, malangizo a pulogalamu owerengeka ndi munthu) imene malemuwo analemba ndi manja awo, kapena pali fayilo ya .exe yokha, yongoyendetsa pa kompyuta? Ngati ndi .exe yokha, mungathe kuisunga, koma palibe amene adzawerenge mosavuta mmene ankawerengetsera madziwo.

Wamacheza: Ine ndikuona kuti nkhani yaikulu pano ndi ya kiyi. Mwini kiyiyo akadziwa kuti mukuifunitsitsa kabatiyo, mawa adzanena kuti pulogalamuyo anailemba ndi iye.

Mkulu wa Fortran: Sindikizani pa pepala, mwanawe. Source code ya kompyuta ya Apollo 11, chombo chimene chinafikitsa anthu pa mwezi, inapulumuka chifukwa inali pa mapepala. Muli nacho chithunzi cha mu 1969 cha Margaret Hamilton, amene anatsogolera olemba pulogalamu ya Apollo, ataima pafupi ndi mulu wa mapepala otalika ngati iye mwini? Anthu anajambula mapepala otere, anailembanso mzere ndi mzere, kenako mu 2016 inafika pa GitHub yanuyo. Pepala silifuna magetsi.

Wophunzira udokotala: Pepala limafuna kuti chiswe ndi madzi zisalipeze, bambo. Ndipo GitHub imene mukuinyozayo inatenga source code ya anthu, kuijambula pa filimu, ndi kukaisunga mu mgodi wakale wa malasha ku Svalbard, zilumba zozizira za dziko la Norway, kuti ikhale zaka 1,000. Ine ndinataya pulogalamu yonse ya kafukufuku wanga pamene hard disk inangoyamba kulira n'kusiya kuzungulira, ndipo mpaka lero sindingathe kubwereza zotsatira zimene ndinasindikiza.

Mkulu wa Fortran: Za ku Svalbard zinatengedwa tsiku limodzi lokha, pa 2 February 2020, ndipo mnzathuyu sangawonjezereko kanthu lero. Komanso amene amasunga kafukufuku wake pa hard disk imodzi asatiphunzitse ife kusunga zinthu.

Mayi wa ku laibulale: Abambo inu, wofunsayu ali ndi mwezi umodzi wokha. Madisiki a floppy amafooka ndi chinyezi ndi nkhungu, choncho musanawaike mu drive ya USB, tsegulani kabowo ka pangodya koletsa kulembapo, ndipo mukopere disiki yonse osati mafayilo amene mukuwazindikira okha. Jambulaninso zimene malemuwo analemba pa zikuto. Ngati source code ilipo, kuli Software Heritage, nkhokwe ya source code imene bungwe la Inria la ku France linakhazikitsa mu 2016 ndipo imagwira ntchito ndi UNESCO kuyambira mu 2017. Muika khodiyo pa malo oonekera kwa onse, kenako mupempha kudzera pa tsamba lawo la Save Code Now kuti aitenge. Zenodo, nkhokwe ya bungwe la kafukufuku la CERN, imapereka nambala yosasintha yodziwira ntchitoyo (DOI) kuti ofufuza azitchula dzina la malemuwo. Koma yambani mwafunsa mwini wake, chifukwa ngati anailemba ali pa ntchito, n'kutheka kuti ndi ya ofesi.

Wamacheza: Ndiye kuti mnzathuyu akapemphe chilolezo kwa abwana omwewo amene akufuna kutaya kabati.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Lero ndinapempha kiyi uja mwaulemu, koma anandiyankha kuti ndilembe kalata, pamene iye amatsegula kabatiyo nthawi iliyonse kuti asungemo ambulera yake.

Mkulu wa Fortran: Ngati inalembedwa m'chinenero chakale cha makompyuta cha Fortran 77, pulogalamu yomasulira ya gfortran ikhoza kuiwerenga ngakhale lero, pamene mapulogalamu a achinyamatawa amafa pakangotha zaka zochepa. Ndikudikirabe yankho la dokotala wathu wa ku Svalbard.