Ophunzira zamalamulo ku Chanco: osauka tingawathandize mpaka pati?

Nachirunga:
Akuluakulu, ophunzira zamalamulo akamathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, malire awo ali pati? Munthu akabwera kuchokera ku Jali kapena ku Thondwe ndi nkhani yake, kuyamba n'kuti?

Wakumatawale:
Achemwali, poyamba dziwani kuti wophunzira si loya. Kuyimira munthu m'khoti n'kwa amene adalandiridwa kale pa ntchitoyi. Zanu ndi kufunsa, kulemba, kufufuza malamulo ndi kukonza zikalata, ndipo chilichonse chidutse m'manja mwa loya amene akukuyang'anirani chisanatuluke.

Tsiku loyamba muuzeni munthuyo zimenezi momveka, apo ayi kumudzi akalengeza kuti wapeza loya, ndipo pa tsiku la mlandu adzakudikirani pakhomo pa khoti. Kenako msiyeni afotokoze yekha osamudula. Mafunso abwere pambuyo, makamaka a masiku. Anthu ambiri sanena deti, amati "nthawi yokolola" kapena "chimanga chili m'maondo", ndiye inu mufananize ndi kalendala. Detilo ndi limene limapha milandu. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma. Wovulala pa ngozi ali ndi zaka 3 zokasuma.

Lembani nambala za foni ziwiri, dzina la mudzi, la mfumu ndi T/A. Foni imodzi imatayika kapena kugulitsidwa, fayilo n'kungogona. Zikalata zake zenizeni musasunge. Chitani fotokope, mumubwezere.

Bambo a Chikondi:
Ndiwonjezere za kundende, poti ndende za Zomba Central, Mikuyu ndi Domasi zili pafupi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Pa rimandi palinso malire: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha. Khoti likhoza kuwonjezera, koma osati mwachinsinsi.

Mukamacheza ndi womangidwayo, funsani tsiku lomwe adagwidwa, polisi yomwe idamugwira, nambala ya mlandu, ndi tsiku lomaliza lomwe adaonekera kukhoti. Mukaone chikalata cha rimandi ku ofesi ya ndende, chifukwa ena amakhala mkati chikalatacho chidatha kalekale. Pempho la belo nthawi zambiri siligwa chifukwa cha malamulo, limagwa chifukwa cha mboni. Pezani abale awiri okhala ndi chiphaso cha unzika, odziwika komwe amakhala, ndipo muwauze tsiku n'kuwakumbutsanso dzulo lake. Ndalama ya minibasi ndi imene imawalepheretsa, choncho funsani msanga. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Auzeni abale asapereke kanthu.

Za mlanduwo weniweni, kuti adachitadi kapena ayi, musamufunse msilikali wa ndende ali pambali. Apa a PASI, bungwe lothandiza omangidwa pa zamalamulo, ndi akatswiri, yendani nawo.

Mayi a ku Chinamwali:
Zambiri zomwe mudzalandire si zakundende ayi, ana anga. Ndi chithandizo cha ana, maukwati ndi chuma cha masiye. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo mkazi ndi ana ndiwo oyamba kuganiziridwa. Koma popanda kalata ya imfa palibe chimayenda, ngakhale kwa DC. Yambani ndi imeneyo, kenako mndandanda wa katundu ndi wa ana onse, a kunja komwe. Mukawasiya, adzatulukira pogawa, zonse n'kuyambiranso.

Chinanso, musalandire mbali zonse ziwiri. Mkazi akabwera Lolemba, mwamuna wake Lachitatu, wachiwiriyo mutumizeni ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Ndipo semesita ikatha, siyani kalata mu fayilo yonena pomwe nkhani yafika ndi deti lotsatira la kukhoti, chifukwa khoti silitseka pamodzi ndi sukulu.

Nachirunga:
Zikomo kwambiri. Nanga akabwera ndi nkhuku kapena ndalama yothokoza?

Wakumatawale:
Kanani mwaulemu, ndipo muuzeni wokuyang'anirani. Mukalandira, kumudzi zidzamveka kuti adalipira, ndipo mlandu ukavuta adzabwera kudzafunsa za nkhukuyo.