Mamanejala anga anayi akukokanakokana, ndiyambire pati?

Wangokwezedwa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kwa zaka 7 ndimayang'anira za malonda pakampani yathu. Miyezi inayi yapitayi andikweza, ndipo mamanejala a zamalonda, a kufakitale, a kosungira katundu ndi a zachuma onse ali pansi panga. Zinthu sizikuyenda. A zamalonda amalonjeza kasitomala tsiku lolandira katundu osafunsa kufakitale. A kufakitale safuna kusinthasintha makina, amakonda kupanga mtundu umodzi wambirimbiri. A zachuma akuti katundu waunjikana, ndalama zangogona pamashelefu. Pamsonkhano wa Lolemba aliyense amabwera ndi lipoti lokoma, koma makasitomala akudandaula kuti maoda akuchedwa. Ndikuganiza zochotsa manejala wa kufakitale, ngwamakani zedi.

Wa za antchito: Dekhani kaye, bwana. Bonasi ya aliyense wa anayiwa imawerengedwa potengera chiyani?

Wangokwezedwa: Wa zamalonda ndi kuchuluka kwa maoda. Wa kufakitale ndi kutsitsa ndalama zopangira chinthu chimodzi. Wa zachuma ndi wa kosungira katundu, ndi kuchepetsa katundu wosagulitsidwa.

Wa za antchito: Ndiye munthuyo si wamakani, akuchita zomwe mumamulipirira. Nthawi iliyonse akaimitsa makina kuti asinthe mtundu, ndalama zopangira zimakwera, bonasi yake n'kutsika. Inuyo mukanakhala iye mukanavomera? Mukamuchotsa, wobwerayo pakatha miyezi iwiri adzakhala chimodzimodzi. Katswiri wina wa kayendetsedwe ka mabungwe, Steven Kerr, adalemba za vuto lomweli mu 1975: mabungwe amalipira anthu pa chinthu china uku akuyembekezera kuti achite chinanso. Mwa anayi onsewo palibe amene amapindula kasitomala akalandira katundu panthawi yake.

Wakale pa maopareshoni: Ndikugwirizana nawo mayiwa. Ikani muyezo umodzi woti onse anayi ausenze limodzi. Ife timagwiritsa ntchito OTIF, kutanthauza kuti mwa maoda onse a mwezi, ndi angati omwe afika pa tsiku lolonjezedwa, katundu wake ali wokwanira. Oda ikafika panthawi koma yoperewera bokosi limodzi, yalephera. Mwezi woyamba nambalayo imachititsa manyazi, konzekerani. Komanso samalani ndi tsiku lomwe mukuwerengera. Kwathu a zamalonda adaphunzira kusuntha tsiku mukompyuta akaona kuti oda ichedwa, ndipo lipoti lidayamba kuwala pomwe makasitomala akulirabe. Tidachita kutseka kuti tsiku loyamba lisasinthidwe popanda siginecha yanga.

Kenaka msonkhano wa Lolemba uja usiye kukhala wowerengerana malipoti. Malipoti atumizidwe Lachisanu, aliyense awerenge payekha. Pamsonkhano muzigamula nkhani ziwiri kapena zitatu zokha zomwe dipatimenti imodzi singathe kuzithetsa payokha.

Wowerengera chuma: Pepani, ndikutsutseniko pang'ono. Nkhani ya bonasi musaikhudze pakati pa chaka. Anthu adasaina kale zomwe adzayezedwe nazo, ndipo kusintha kungafune chilolezo cha bodi, mwinanso kukambirana ndi aliyense payekha. Yambani kuonetsa OTIF panopa popanda ndalama, mudzaimangirire ku bonasi chaka chamawa. Ndipo isakhale yokhayokha, apo ayi a kufakitale adzadzaza nyumba yosungira katundu kuti oda isachedwe, ine n'kusowa zolipirira masapulaya. Robert Kaplan ndi David Norton atabweretsa balanced scorecard (njira yoyezera kampani ndi miyezo ingapo pamodzi) mu 1992, mfundo yawo inali yomweyi, yakuti nambala imodzi singakuuzeni zonse za kampani. Pambali pa OTIF ikanipo masiku omwe katundu amakhala asanagulitsidwe.

Mayi wopuma pantchito: Zonsezi n'zoona, koma pali china chomwe anzanu akukuzungulirani nacho. Mwa anthu anayi, amene mukufuna kuchotsa ndi uja munkakangana naye muli ku zamalonda. Zangochitika? Sabata yathayi mwalowa kangati mu ofesi ya zamalonda, nanga kufakitale kangati? Antchito amawerenga mapazi a bwana kuposa memo. Ngati anzanu akale amakupezani pafoni usiku n'kupititsa oda yawo patsogolo, ndiye kuti ndondomeko ya kufakitale mukuiphwanya ndinu. Ine ndidachita zomwezi chaka changa choyamba, mpaka injiniya wabwino adandithawa. Ku Toyota amanena za Taiichi Ohno, mmodzi mwa akuluakulu a mafakitale awo kalelo, kuti ankajambula bwalo ndi choko pansi mufakitale, n'kuimikamo munthu maola ambiri kuti angoyang'ana mmene ntchito ikuyendera. Pitani mukaime tsiku lomwe akusintha makina, musalankhule.

Wangokwezedwa: Mayi, mwandilasa. Mwezi uno wokha ndalamula katatu kuti oda idumphe mzere, ndipo konse anandiimbira ndi anzanga akale. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndalandira.

Wakale pa maopareshoni: Ndiye lembani patsamba limodzi kuti wogamula ndani pa nkhani iti. Tsiku lolonjeza kasitomala: wa zamalonda apemphe, wa kufakitale avomereze. Kudumpha mzere: inu nokha, polemba, onse anayi akuona, pamodzi ndi dzina la kasitomala amene oda yake ichedwe chifukwa cha chisankhocho. Dzina lija likangolembedwa, mapempho amachepa okha.

Wangokwezedwa: Ndabweranso patatha masabata atatu. Ndidakaima kufakitale. Kusintha makina kudatenga pafupifupi theka la shifiti, ndipo nthawi yambiri idathera kudikira zipangizo zochokera kosungira katundu, komwe sankauzidwa n'komwe kuti lero kuli kusintha. Tsopano amauzidwa kutatsala tsiku limodzi. Manejala wa kufakitale sindimuchotsa. Amene wakwiya ndi wa zamalonda, akuti ndawataya, ndipo wapita kukadandaula kwa mkulu wa kampani mondidumpha. Ameneyu ndimutani?

Wa za antchito: Mkulu wa kampaniyo mudamuonetsa tsamba lija musanalitulutse?

Wangokwezedwa: Ayi.

Wa za antchito: Kamuoneni mawa m'mawa, tsambalo lili m'manja, ndipo mumupemphe kuti dandaulolo alibweze kwa inu. Mukatero muitane wa zamalonda, mukhale awiri.